Masekondi anayi a John Naber, masekondi 55 a Eric Moussambani

Mwa masewera onse amene ndimatsatira, mpikisano wosambira ndi umene umamusiya munthu wopanda pothawira. Pa mpira timu ikagonja timaloza oyimbira, bwalo kapena kochi. M'dziwe losambiramo aliyense ali ndi mzere wake, mtunda ndi womwewo kwa onse, ndipo ukangogunda khoma wotchi imalemba nthawi yako mpaka kagawo kakang'ono ka sekondi. Nthawizi zakhala zikusungidwa kwa zaka zoposa 100. N'chifukwa chake ndikuona kuti mbiri ya masewerawa ingatithandize pa funso limene ambirife timalizemba: munthu amene akufuna kufika pamwamba penipeni adziikire cholinga chotani kuti asadzinamize, komanso kuti asadziderere?

Yankho langa ndi lakuti cholinga chabwino chimakhala nambala yokhala ndi tsiku lake, yowerengedwa kuchokera pamene munthu waima lero. Kulakalaka mendulo n'kwabwino, ndipo palibe katswiri amene anafika patali asanailakelake. Koma mendulo imadaliranso anthu ena asanu ndi awiri amene ali m'mizere ya m'mbali mwako, ndiponso zinthu zina zimene ulibe nazo mphamvu. Chimene chili m'manja mwako ndi nthawi yako. Tiyeni tione mmene osambira angapo odziwika anayendera nayo nkhaniyi.

Mzere umene umasuntha

Choyamba kudziwa ndi chakuti mawu oti "katswiri wapamwamba" sanakhalepo ndi tanthauzo limodzi. Pa masewera a Olimpiki oyamba a m'nthawi yathu ino, ku Athens mu 1896, mnyamata wa ku Hungary dzina lake Alfréd Hajós anapambana mpikisano wa mamita 100 m'madzi ozizira a m'nyanja, pa mphindi imodzi ndi masekondi 22.2. Mu 1922 Johnny Weissmuller wa ku America, yemwe pambuyo pake anatchuka m'mafilimu a Tarzan, anakhala munthu woyamba kusambira mtundawu mphindi isanakwane, pa masekondi 58.6. Mkazi woyamba kuchita zimenezi anali Dawn Fraser wa ku Australia, mu 1962. Ku Montreal mu 1976 Jim Montgomery anatsika pansi pa masekondi 50 koyamba, pa 49.99. Ndipo ku Paris mu 2024 Pan Zhanle wa ku China anaika rekodi ya 46.40.

Manambalawa akutiuza zinthu ziwiri. China ndi chakuti kuchokera kwa Weissmuller kufika kwa Montgomery panadutsa zaka 54 ndipo dziko lonse linadula masekondi 8.6, koma kuchokera kwa Montgomery kufika kwa Pan panadutsa zaka 48 ndipo linangodula masekondi 3.6. Pamwamba pamapita pothina. Chinacho ndi chakuti nthawi imene inali ya golide dzulo, lero singakulowetse ngakhale pakhomo. Kuti mwamuna apeze malo mwachindunji pa mamita 100 a freestyle ku Paris, anafunika kusambira masekondi 48.34 kapena kucheperapo. Montgomery, ndi golide wake wa mu 1976, akanatsala panja. Zifukwa zake n'zodziwika: maiwe amakono ndi akuya ndipo ali ndi zingwe zozimitsa mafunde, malamulo a katembenukidwe pakhoma anasintha, magalasi a m'maso analola anthu kukonzekera maola ambiri osapweteka maso, ndipo makochi anaphunzira zambiri za thupi la munthu. Choncho amene akudziikira cholinga cha zaka zinayi zikubwerazo ayenera kuloza pamene mzere udzakhale, osati pamene uli lero.

Masamu a mnyamata wa zaka 16

Munthu amene anamvetsa zimenezi bwino ndi John Naber wa ku America. Mu 1972 anali ndi zaka 16, ndipo masewera a ku Munich anawaonera ali kwawo. Iye ankasambira chagada, ndipo mfumu ya kasambiridwe kameneka panthawiyo anali Roland Matthes wa ku East Germany, yemwe anatenga golide pa mamita 100 ndi 200 mu 1968, n'kudzabwerezanso mu 1972. Matthes anapambana mamita 100 pa masekondi 58.7 mu 1968 ndi 56.58 mu 1972. Malinga ndi mmene Naber mwiniwake wakhala akufotokozera, iye anayang'ana mmene nthawizi zimatsikira ndipo anawerengera kuti pofika 1976 wopambana adzafunika masekondi 55.5. Nthawi yake yabwino kwambiri inali 59.5. Kusiyana kunali masekondi anayi.

Kwa munthu amene sanapikisanepo, masekondi anayi amamveka ngati nthabwala. M'dziwe, pa liwiro la akatswiri, ndi mtunda wa mamita pafupifupi asanu ndi awiri, kutanthauza kuti mnzako wagunda khoma iwe ukadali kutali. Naber anawagawa masekondiwo. Anali ndi zaka zinayi, ndiye kuti sekondi imodzi pachaka. Pachaka ankakonzekera miyezi khumi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi pamwezi. Atagawanso pa masiku ndi pa maola anayi amene ankakhala m'madzi tsiku lililonse, anapeza kuti ola lililonse ankafunika kudula gawo limodzi mwa magawo 1,200 a sekondi, kanthawi kochepa kuposa ka kuphethira. Zimenezo mtima wake unakhulupirira kuti angathe.

Mu 1974 anamugonjetsa Matthes, yemwe anali atakhala zaka zisanu ndi ziwiri osagonja pa kusambira chagada. Ku Montreal mu 1976 Naber anapambana mamita 100 pa masekondi 55.49, kusiyana ndi nambala imene anawerengera ija ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a sekondi. Anakhalanso munthu woyamba kusambira mamita 200 chagada mphindi ziwiri zisanakwane, pa mphindi imodzi ndi masekondi 59.19. Anabwerera kwawo ndi mamendulo anayi a golide ndi imodzi ya siliva.

Nkhaniyi imakambidwa kwambiri m'misonkhano yolimbikitsa anthu, ndipo kawirikawiri okambawo amathera pamenepa: gawa loto lako m'tizigawo, basi udzafika. Ine ndikuona kuti amasiya theka la nkhani. Masamu a Naber anagwira ntchito chifukwa anayambira pa 59.5. Anali kale mmodzi mwa achinyamata aliwiro m'dziko lake, thupi lake linali likukulabe mpaka anafika pafupifupi mamita awiri kutalika, ankakhala ku California kumene maiwe ndi makochi ndi ambiri, ndipo anakalowa ku University of Southern California kumene anaphunzitsidwa ndi kochi wodziwika, Peter Daland. Anafunika kudula magawo osakwana 7 pa 100 aliwonse a nthawi yake, pa msinkhu umene thupi limawonjezera mphamvu lokha. Cholinga chake chinali cholimba mtima, koma chinali ndi miyendo pansi.

Munthu amene anasambira yekha ku Sydney

Kuti tione chifukwa chake poyambira pali pofunika chonchi, tiyeni tipite ku Sydney mu 2000. Bungwe loyendetsa Olimpiki ndi loyendetsa kusambira ali ndi dongosolo lakuti dziko limene lilibe wosambira wokwanitsa nthawi yolowera lingathe kutumizabe mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, kuti masewerawa akhale a dziko lonse. Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea, wa zaka 22, analowera khomo limeneli. Anali atakonzekera kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu yokha, makamaka m'kadziwe ka pa hotela ina mumzinda wa Malabo, ndipo dziwe la mamita 50 analiona koyamba atafika ku Australia.

M'gulu lake anali atatu. Awiri enawo, wa ku Niger ndi wa ku Tajikistan, anadumphira m'madzi chizindikiro chisanalire ndipo anachotsedwa. Moussambani anasambira yekha. Pobwerera kuchokera kukhoma lakutali mphamvu zinamuthera, miyendo inayamba kumira, ndipo khamu la anthu linaimirira kumuchemerera mpaka anagunda khoma. Nthawi yake inali mphindi imodzi ndi masekondi 52.72. Amene anatenga golide pa mtundawu chaka chimenecho, Pieter van den Hoogenband wa ku Netherlands, anasambira masekondi 48.30, ndipo pa masewera omwewo anasambira mamita 200 mofulumira kuposa mmene Moussambani anasambirira 100.

Manyuzipepala anamupatsa dzina la nthabwala, ndipo anthu ambiri amangokumbukira zimenezo. Chimene chimandigwira mtima ine ndi chimene chinachitika makamera atachoka. Moussambani anapitiriza kukonzekera, ndipo pofika 2004 anali akusambira mamita 100 pansi pa masekondi 57. Nthawi imeneyi ikanamupambanitsa pamaso pa Weissmuller wa mu 1922. Sanathe kupita ku Athens chifukwa cha chisokonezo cha mapepala aulendo, koma mu 2012 anasankhidwa kukhala kochi wa timu yosambira ya dziko lake.

Tsopano ikani anthu awiriwa pamodzi. Pa zaka zinayi Naber anadula masekondi anayi n'kukhala mfumu ya dziko lonse. Pa zaka zinayi zomwezo Moussambani anadula masekondi oposa 55, ndipo anali akadali kutali ndi nthawi yolowera mwachindunji. Kuchokera pa 57 kufika pa 48.34 pali masekondi pafupifupi asanu ndi anayi, kuposa kuwirikiza kawiri amene Naber anawavutikira. Akanati Moussambani atenge masamu a Naber n'kunena kuti "ndadula masekondi 55 pa zaka zinayi, ndiye asanu ndi anayi otsalawa ndi a miyezi yochepa", akanadzinamiza koopsa.

Masekondi sagulidwa pa mtengo umodzi

Chifukwa chake chili m'madzi momwemo. Madzi ndi olemera pafupifupi ka 800 kuposa mpweya, ndipo pamene munthu akuwonjezera liwiro, madziwo amamukaniza mochuluka kwambiri kuposa mmene liwirolo lawonjezekera. Wongoyamba kumene amataya nthawi pa zinthu zosavuta kukonza: amadzutsa mutu popuma, miyendo imalendewera, amaima pakhoma asanatembenuke. Akakonza zimenezi masekondi amagwa khumikhumi. Amene wakonza kale zonsezi amatsala ndi madzi enieniwo, ndipo sekondi iliyonse yotsatira imafuna miyezi kapena zaka.

Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, lomwe linakhazikitsidwa ku London mu 1908 pa dzina la FINA ndipo pano limatchedwa World Aquatics, lili ndi njira yoyezera zimenezi. Limapereka mapointi 1,000 pa nthawi yofanana ndi rekodi ya dziko lonse. Pofuna kupeza mapointi ako, umagawa rekodiyo ndi nthawi yako, zotsatira zake n'kuzichulukitsa zokhazokha katatu, kenako n'kuchulukitsa ndi 1,000. Ndawerengera ndekha pogwiritsa ntchito 46.40 ya Pan Zhanle. Nthawi ya Moussambani ya ku Sydney ikupereka mapointi pafupifupi 70. Masekondi 60 akupereka 462. Masekondi 57 akupereka 539, masekondi 55 akupereka 600, masekondi 50 akupereka 799, ndipo nthawi yolowera ku Paris ija ikupereka 884. Aliyense amene ali ndi foni angathe kuwerengera zimenezi pa mphindi imodzi. Ubwino wake ndi wakuti nambalayi sikunyengerera. Munthu akhoza kukhala wopambana pasukulu pake, m'boma lake, ngakhale m'dziko lake, koma mapointi ndiwo amamuuza pamene waima pakati pa osambira a dziko lonse lapansi.

Chimene chimasintha pokwera

Ngati masekondi apamwamba ndi odula chonchi, amagulidwa ndi chiyani? Katswiri wina wa maphunziro a kakhalidwe ka anthu, Daniel Chambliss, anakhala nthawi yaitali akutsatira osambira a magulu osiyanasiyana ku America, kuyambira timagulu ta m'madera mpaka gulu la Mission Viejo ku California, limene linkakonzekeretsa anthu Olimpiki ya mu 1984. Mu 1989 analemba nkhani yotchedwa The Mundanity of Excellence, imene mfundo yake ndi yakuti ukatswiri umamangidwa ndi zinthu wamba zochitidwa molondola tsiku ndi tsiku. Iye anapeza kuti amene amakwera kuchoka pa gulu lina kupita pa lina sachita zimenezo pongowonjezera maola pa zimene ankachita kale. Amasintha kachitidwe: mmene dzanja limalowera m'madzi, mmene amatembenukira pakhoma, nthawi yogona, chakudya, anthu amene amacheza nawo, ngakhale gulu limene amakonzekera nalo.

Chitsanzo chimene anapereka ndi cha Mary T. Meagher. Ali ndi zaka 13 mtsikanayu anaganiza zothyola rekodi ya dziko lonse ya mamita 200 a butterfly, ndipo anayamba ndi zinthu ziwiri zooneka zazing'ono: kufika pa nthawi yake pokonzekera tsiku lililonse, ndi kutembenuka pakhoma motsatira malamulo ulendo uliwonse, ngakhale kochi asakumuona. Mu 1979, ali ndi zaka 14, rekodiyo anaithyoladi. Mu 1981 anaika ina ya mphindi ziwiri ndi masekondi 5.96, imene inakhala yosathyoledwa mpaka 2000.

Apa ndikuona kuti cholinga chili ndi mbali ziwiri. Pali nambala ya pa wotchi, ndipo pali ntchito za lero zimene zimabala nambalayo. Wosambira amene walemba kuti "chaka chino ndidule sekondi imodzi" osalemba chimene asinthe m'madzi, wangolemba chikhumbo. Amene walemba kuti pakhoma lililonse azitembenuka osapuma kaye, ndiponso kuti achepetse kuchuluka kwa mapalaso a manja pa mtunda womwewo, ali ndi chinthu chimene kochi angachiwerenge mawa m'mawa.

Zimene zilibe mwini

Meagher yemweyo akutiphunzitsanso chifukwa chake mendulo siyenera kukhala muyeso wokhawo. Mu 1980 anali waliwiro kuposa aliyense padziko pa butterfly, koma boma la America linakana kutumiza timu ku Olimpiki ya ku Moscow pa zifukwa za ndale. Anadikira mpaka 1984 ku Los Angeles, kumene anatenga mamendulo atatu a golide. Anzake ambiri a m'timu ya 1980 sanapezenso mwayi wina.

Shirley Babashoff, wa ku America yemwenso, anakumana ndi choipa kuposa chimenecho. Ku Montreal mu 1976 anasambira nthawi zabwino kwambiri pa moyo wake, koma pa mamita 200, 400 ndi 800 anamaliza wachiwiri kumbuyo kwa atsikana a ku East Germany, amene anatenga golide pa mipikisano 11 mwa 13 ya akazi. Atanena poyera kuti akukayikira mmene matupi ndi mawu a atsikanawo analili, anthu anamunyoza kuti ndi wosavomereza kugonja. Germany atagwirizananso mu 1990, mafaelo a boma anaonetsa kuti panali dongosolo lopatsa achinyamata mankhwala owonjezera mphamvu, ambiri akuuzidwa kuti ndi mavitamini. Mu 2000 khoti la ku Berlin linapeza akuluakulu awiri a dongosololi, Manfred Ewald ndi Manfred Höppner, olakwa pa kuvulaza matupi a osewera. Ambiri mwa atsikanawo anatsala ndi matenda a moyo wonse. Umu ndi mmene zimathera pamene akuluakulu aika mendulo patsogolo n'kuwerengera thupi la mwana ngati chida.

Ngakhale rekodi zimafuna kuziwerenga ndi maso awiri. Mu 2008 ndi 2009 kunabwera zovala zosambirira zokuta thupi lonse zimene zinkathandiza munthu kuyandama. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Rome mu 2009 marekodi 43 anathyoledwa, ndipo kuyambira 2010 zovalazo zinaletsedwa. Rekodi ya mamita 100 imene César Cielo wa ku Brazil anaika ku Rome, ya 46.91, inakhala mpaka 2022. Wachinyamata amene akanadziyeza ndi liwiro la kutsika kwa nthawi m'zaka ziwiri zimenezo akanaganiza kuti iye ndiye wolephera.

Mwana wa ng'ona

Nkhani imene ili pafupi nafe kwambiri ndi ya Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, wobadwira ku Harare mu 1983. Iye amafotokoza kuti ataonera Olimpiki ya ku Barcelona pa wailesi ya kanema mu 1992 anauza makolo ake kuti tsiku lina adzapitako n'kukatenga golide. Kuchokera tsiku limenelo kufika pa golideyo panadutsa zaka 12, ndipo makwerero ake akuoneka bwino. Ku Sydney mu 2000, akadali pasukulu ya sekondale, anafika m'ndime ya osambira 16 otsiriza pa mamita 100 chagada, ndipo sanapitirire. Mu 2002 anatenga golide pa masewera a Commonwealth ku Manchester. Ku Athens mu 2004 anatenga golide pa mamita 200 chagada, siliva ndi buronzi. Ku Beijing mu 2008 anatenganso golide pa rekodi ya dziko lonse ya mphindi ziwiri ndi masekondi 5.24, kuphatikizapo masiliva atatu. Mwa mamendulo asanu ndi atatu a Olimpiki amene Zimbabwe ili nawo, asanu ndi awiri ndi ake. Yotsalayo ndi ya timu ya akazi ya hockey ya mu 1980. Anapitanso ku London mu 2012 ndi ku Rio de Janeiro mu 2016 osatenga mendulo, ndipo mu 2025 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa bungwe la Olimpiki padziko lonse, mkazi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa udindowu.

Pakati pa Sydney ndi Athens panachitika chinthu chimene sitiyenera kuchilumpha. Coventry anapeza mwayi wa maphunziro ku Auburn University ku Alabama, imene panthawiyo inali ndi imodzi mwa matimu amphamvu kwambiri a kusambira m'mayunivesite a ku America. Kumeneko anapeza dziwe la chaka chonse, makochi a ntchito imeneyo yokha, ndi anzake amene ankamuposa tsiku ndi tsiku pokonzekera. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anthony Nesty wa ku Suriname anayenda njira yofananayo: ku Los Angeles mu 1984 sanafike ndime yomaliza, kenako anapita kukaphunzira ndi kukonzekera ku Florida, ndipo ku Seoul mu 1988 anagonjetsa Matt Biondi pa mamita 100 a butterfly ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Nesty ndi wakuda, monganso Simone Manuel amene anatenga golide pa mamita 100 ku Rio mu 2016. Choncho nkhambakamwa yakuti khungu lathu siligwirizana ndi masewerawa tiisiye. Chimene chimasiyanitsa maiko ndi maiwe, makochi, mipikisano ndi ndalama.

Coventry anamalizanso digiri yake ku Auburn. Ndikutchula zimenezi chifukwa kusambira kumadyetsa anthu ochepa kwambiri padziko lonse, ndipo zaka zopikisana zimatha munthu akadali wachinyamata. Cholinga chimene chikufuna kuti mwana asiye sukulu kuti athamangitse masekondi asanu ndi anayi chikumuika pa njuga.

Nanga kuno kwathu?

Dziko la Malawi linayamba kupita ku Olimpiki mu 1972, ndipo mpaka lero silinatengeko mendulo pa masewera alionse. Osambira athu amene akhala akupitako amalowera khomo lija la mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ndipo amene amanyamula mbendera yathu motero amagwira ntchito yolemera pa zipangizo zochepa. Koma tizitchula zinthu ndi maina ake. Kupita ku Olimpiki kudzera khomo limeneli ndi khwerero limodzi. Kukwanitsa nthawi yolowera ndi lina. Kufika pa osambira 16 otsiriza ndi lina, pa asanu ndi atatu ndi linanso, ndipo mendulo ili pamwamba pa onsewa. Pansi pake palinso makwerero a mipikisano ya m'dziko muno, ya m'chigawo chino cha kumwera kwa Africa monga masewera a achinyamata a Region 5 amene anachitikira ku Lilongwe mu 2022, ya Africa yonse ndi ya Commonwealth. Tikamayembekezera mendulo kwa munthu amene ali pa khwerero lachitatu, timamukhumudwitsa iye, nafenso n'kukhumudwa pachabe.

Nthawi zambiri ndimamva anthu akunena kuti tili ndi nyanja, bwanji osangotenga ana a ku Nkhata Bay, ku Salima kapena ku Mangochi, amene amadziwa madzi asanadziwe kulemba? N'zoona kuti anawa saopa madzi ndipo ali ndi mpweya, ndipo chimenecho ndi chuma. Koma mpikisano umafuna kudumpha poyambira, kutembenuka pakhoma, kasambiridwe kotsatira malamulo ndi wotchi yoyeza mlungu ndi mlungu, ndipo zimenezi zimaphunziridwa m'dziwe. Maiwe athu ambiri ali m'mizinda, pa mahotela, m'makalabu ndi m'sukulu zolipira. Walira mvula walira matope: ngati tikufuna akatswiri, tivomere mtengo wa kumanga ndi kusamala maiwe, kuphunzitsa makochi ndi kutumiza ana ku mipikisano kwa zaka zosachepera khumi. Kwa dziko lathu, cholinga chimene ndikuona kuti chili ndi miyendo pansi ndi cha kudzaona Mmalawi woyamba akulowa ku Olimpiki chifukwa cha nthawi yake, ndipo tisanafike pamenepo, kuona mapointi a marekodi athu akukwera chaka ndi chaka.

Kwa mnzanga amene akusambira panopa, kapena amene ali ndi mng'ono wake wokonda madzi, ndinganene izi. Yezetsani nthawi m'dziwe la muyeso wodziwika, pa mpikisano weniweni, n'kuisandutsa mapointi. Funsani nthawi imene ikufunika pa khwerero lotsatira lokha, ndipo muwonjezerepo pang'ono poti mzere umasuntha. Onani kusiyana kwake, muone msinkhu, muone maola amene mungakhale m'madzi popanda kuononga sukulu, kenako mugawe. Lembani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zisinthe pa kasambiridwe. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi yezaninso. Nthawi ikaima kwa nyengo yaitali ngakhale mukuchita zonse, funsani ngati dziwe ndi kochi amene muli nawo angakupititseni patsogolo, ndipo ngati sangathe, yambani kufufuza mwayi wa maphunziro kumene kuli timu yamphamvu. Mukapeza kuti khwerero lanu lomaliza ndi rekodi ya dziko lino, kapena kuphunzitsa ana a kunyanja kutembenuka pakhoma, musadzione ngati mwalephera. Naber anaima pa 59.5 n'kuloza 55.5, Moussambani anaima pa mphindi imodzi ndi masekondi 52 n'kuloza pansi pa mphindi, ndipo onse awiri anafika chifukwa aliyense anawerengera kuchokera pa nambala yake.